Ng'oma za ku Epworth: Ndani Adzasunga Mbiri Yake?

Mlendo wochoka pakati pa mzinda wa Harare kudzera mumsewu wa Chiremba amafika ku Epworth atayenda makilomita pafupifupi 12. Choyamba kumulandira ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, yomwe chithunzi chake chidasindikizidwa pa ndalama za Zimbabwe. Malowa adayamba ngati mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890, ndipo adatchedwa dzina la mudzi wa ku England kumene John Wesley adabadwira. Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, m'ma 1970, anthu ambiri adathawira kuno, ndipo pa kalembera wa 2022 chiwerengero chawo chidaposa 200,000.

Loweruka ndi Lamulungu, Epworth amamveka asanaoneke. Uku makwaya a m'mipingo akuyeserera nyimbo, uko ng'oma zikulira pa bwalo. Ena mwa oimbawa ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi nthawi ya atsamunda. Makolowo adabwera ndi Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha Zvigure, ndipo bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Oimba ndi ovinawa sali pa malipiro. Amasonkha okha ndalama zogulira zikopa za ng'oma ndi zovala, ndipo mnzawo akamwalira amamuperekeza limodzi kumanda.

Kuimba mongodzipereka sikwachilendo m'dziko muno. Ku Bulawayo, anthu okonda nyimbo za Azungu adayambitsa gulu la okhestra mu 1937, ndipo ku Harare sukulu ya zoimbaimba, yomwe lero ndi Zimbabwe College of Music, idatsegulidwa mu 1948. Mabungwe otere amakhala ndi mlembi, buku la mfundo za misonkhano ndi mapepala olengeza masiku oimba. N'chifukwa chake mbiri yawo imalondoleka. Koma mbiri ya magulu a m'makomboni imakhala m'mitu ya okalamba, ndipo wokalamba mmodzi akatsikira kulichete, mayina a amene adayambitsa gulu amapita naye. Pepala losungidwa m'nyumba imodzi nalonso silodalirika: mu 2005, pa ntchito ya Murambatsvina, nyumba zambiri za ku Epworth zidagwetsedwa, katundu n'kumwazikana.

Nkhaniyi siyongokhudza nyimbo ayi. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa ambiri obadwira m'Zimbabwe, koma makolo awo akunja, kutchedwa alendo, mpaka malamulo aakulu a 2013 adawatsegulira njira yobwezeretsa unzika. Anthu amene adauzidwapo kuti si eni dziko ayenera kukhala ndi umboni wa zaka zimene mabanja awo akhala pamalo.

Tsono alangizi ndi atsogoleri a magulu, yambani ndi kope limodzi. Khalani pansi ndi akuluakulu, mulembe chaka chimene gulu lidayamba, oyambitsa, midzi yomwe adachokera, nyimbo ndi ozipeka. Jambulani mawu ndi zithunzi pa foni atakulolani. Zinsinsi za kudambwe zisiyeni kwa eni ake, sizolemba. Kope lina musungitse kutchalitchi kapena kusukulu, ndipo mufunse ku National Archives of Zimbabwe, yomwe idakhazikitsidwa mu 1935, za njira yosungira zolemba. Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.