Sipanala ya ku Kamativi

M'mawa uliwonse bambo wina wachikulire amatsika minibasi pa msewu wa Mutare ku Msasa, dera la mafakitale kum'mawa kwa mzinda wa Harare. Amachokera ku Mabvuku, komwe mabanja ambiri ochokera ku Malawi anakhazikika kalekale. Pansi pa kashedi ka malata amawotcherera mageti, mbaula, mawilibala ndi makasu a alimi a m'madimba. M'bokosi lawo la zida muli sipanala yakale yomwe salola munthu kubwereka. Anabwera nayo kuchokera ku Kamativi.

Kamativi ndi tauni ya mgodi m'boma la Hwange, kumadzulo kwa Zimbabwe. Kukumba miyala ya tini kunayamba kumeneko mu 1936, ndipo ntchitoyo inakoka amuna a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Bambo awo a mkuluyu anachoka ku Dedza kudzera ku Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito ku Southern Rhodesia. Anatsanzika kuti akukangosaka ndalama ya msonkho ndi njinga, koma sanabwererenso. Kumudzi anawawerengera m'gulu la machona.

Mkuluyu anabadwira m'komboni ya mgodi. Nyumba, madzi, magetsi, chipatala ndi bwalo la mpira, zonse zinali za kampani. Pa sabata gule wamkulu ankatuluka, ndipo pa maliro bungwe la achibale linkasonkha ndalama ya bokosi. Atakula analowa mu shopu ya mgodi kukaphunzira kukonza mapampu ndi kuwotcherera zitsulo. Sipanala ija anapatsidwa ndi kapitawo amene anawaphunzitsa.

Mtengo wa tini unagwa pa msika wa dziko lonse mu 1985, ndipo mgodiwo unatsekedwa mu 1994. Anzawo a Chishona ndi Chindebele analongedza katundu nabwerera kwawo kukalima. Ana a machona analibe munda wobwererako. Ena anatsala m'nyumba za mgodi zomwe zinayamba kung'aluka, ena anabalalika. Mkuluyu anakwera sitima pa Dete, kudzera ku Bulawayo mpaka ku Harare, nasiya manda a bambo ake m'tchire.

Ku Msasa anapeza ntchito pa fakitale ina, koma chuma cha dziko chitasokonekera m'zaka za m'ma 2000, nayonso inachepetsa antchito. Vuto linanso linali la ziphaso. Lamulo la mu 2001 linachititsa ambiri obadwa kwa makolo akunja kulembedwa ngati alendo m'dziko lomwe anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira mu Zimbabwe omwe kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. M'zaka zonsezo chinawadyetsa ndi luso la m'manja, pamodzi ndi bungwe la maliro la ku Mabvuku lomwe linawabwereka ndalama yogulira makina owotcherera. Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kenaka mbiri inamveka kuti Kamativi yadzuka. Miyala yomwe inkapereka tini ili ndi lithium, wofunika popanga mabatire a mafoni ndi a galimoto zoyendera magetsi. Ngakhale milu ya zinyalala yomwe akale ankataya kunja kwa mgodi inapezeka kuti ndi chuma. Boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza mu 2022, ndipo mu 2024 makina atsopano okonzera miyalayo anatsegulidwa ku Kamativi ndi ndalama za kampani ya ku China.

Mdzukulu wawo, mnyamata wolankhula Chishona kuposa Chichewa, anafika pa shedi tsiku lina masana.

"Agogo, ndikufuna ndikayese mwayi ku Kamativi."

Mkuluyo anazimitsa makina nakhala chete kanthawi. Kumuletsa sakanatha, popeza ku Mabvuku anyamata ambiri amangokhala. Kumulola osamuchenjeza kukanakhalanso kulakwa.

"Pita, mdzukulu wanga," anatero. "Koma mgodi uli ngati dambo, umaphwa. Ife tinkayesa kampani ndi mayi wathu. Ukafika usakakhutire ndi malipiro okha. Ukaphunzire ntchito yoti ungainyamule tsiku lomwe adzatseke geti."

Mawu amenewa ndi ofunikanso kwa alangizi ndi onse ogwira ntchito za chitukuko m'madera a migodi, kaya ku Zimbabwe, ku Mchenga m'boma la Rumphi kapena ku Moatize. Tauni siyidzuka chifukwa choti makina ayambanso kulira. Mafunso oyenera kufunsa mgodi ukadali moyo ndi awa: kodi nyumba zili m'dzina la ndani? Madzi ndi chipatala zidzakhala m'manja mwa yani kampani ikadzachoka? Kodi ana a pamalopo akuphunzitsidwa luso, kapena angopatsidwa fosholo? Nanga mabanja ali ndi dimba kapena gulu losungitsa ndalama loti adzatsamirepo?

Tsiku la ulendo mkuluyo anaperekeza mnyamatayo kokwerera basi ku Mbare. Sipanala sanamupatse, poti akadali kudyera yomweyo. Anamupatsa khasu latsopano lomwe anawotcherera okha, ndi kapepala kolozera pomwe pali manda a bambo awo, kuseri kwa komboni yakale.

"Usanapemphe ntchito," anatero, "ukayambe walambula pamenepo."