Juzi ya Mitundu Itatu

Kwathu mwezi wa Okotobala ndi mwezi wa thukuta. Dzuŵa limaswa mtengo, akhristu osonkhana ku Mphakati kudzapemphera kolona amayamba afunafuna mthunzi wa mango, ndipo maso a aliyense amakhala kumwamba kudikira chizimalupsa. Okotobala wotereyu ndiye tinkamdziŵa ife pamene tidafika ku Ireland m'chaka cha 2022, titatumidwa kukapitiriza maphunziro ku St Patrick's College ku Maynooth, sukulu yakale ya ansembe imene idatsekulidwa mu 1795, pa mtunda wa makilomita ngati 25 kuzambwe kwa Dublin. Amene tidampeza kumeneko adali Okotobala wina.

Eni dziko, m'chilankhulo chao cha makolo, amautchula mweziwu dzina lotanthauza kutha kwa masika. Mitengo ikuluikulu ya mu mseu wa Carton, imene tidaipeza yobiriŵira, idayamba kusanduka pang'onopang'ono: ina yachikasu ngati dzungu lakupsa, ina yofiira ngati katondo, inanso yoderako ngati fodya wa m'chigafa. Tidaima kuipenya, mtima nkukumbuka nkhalango za mombo ndi tsamba kwathu, zimene nazonso zimafiira mu Ogasiti ndi Seputembala. Koma masamba ofiira a kwathu ndi anthete, ongophuka kumene, ndipo amalosa mvula ndi dzinja. Ofiira a ku Ireland ndi masamba otsazika. Patangopita masabata oŵerengeka onse adayoyoka, mitengo nkutsala mbulanda. Pa 30 Okotobala, Lamulungu lotsiriza la mwezi, mawotchi adabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi monga mwa lamulo la kumeneko, ndipo kuyambira tsiku limenelo mdima unkagwa tisanamwe nkomwe tiyi wa 5 koloko.

Sitibisa, abale, kuti masiku amenewo adatiŵaŵa. Wansembe amaphunzira zambiri ku seminale, koma za madzulo aatali m'chipinda cha yekha, mvula yamvumbi ikuwaza pa zenera, kwanu kuli kutsidya kwa nyanja, palibe buku limene lidatikonzekeretsa. Mapemphero a madzulo tinkaŵatha, mabuku tinkaŵatseka, komabe usiku udakali wonse. Manja ndiwo ankasoŵa pogwira.

Loŵeruka ndi Lamulungu tinkakathandiza pa parishi ina yaing'ono ya kumidzi. Kumeneko kudali kagulu ka amayi achikulire amene ankakhala m'holo ya parishi kuluka tizipeŵa ndi timabulangete ta ana obadwa masiku asanakwane. Tsiku lina, Misa ya Mizimu ya ku Purigatoriyo itatha, mmodzi mwa iwo, gogo wa tsitsi lambuu, adatigwira dzanja potipatsa moni nadzidzimuka ndi kuzizira kwake. "Abambo," adatero, "manja aŵa akufuna ntchito. Takhalani apa." Tidaseka, poyesa nthabwala. Iwo sadaseke. Adatipatsa singano ziŵiri ndi mpukutu wa wulu.

Tivomere kuti tidachita manyazi. Kwathu mwamuna amaluka dengu, nkhokwe, mphasa ndi ukonde, ndipo anthu amamtama. Koma mwamuna wa singano ndi wulu, ndiponso wansembe, akadakhala nkhani ya pa chitsime mwezi wathunthu. Chifukwa chake cha kusiyanitsa kumeneku sitichipeza, pakuti mfundo ndi mfundo, kaya ya bango kaya ya ubweya wa nkhosa. Gogo uja sadatipatse mpata woganiza zonsezi. Adatiikira masitichi 20 pa singano, natilamula kuti tiyambe. Mzere woyamba udatuluka ndi masitichi 23, wachiŵiri 18. Iwo adasolola singano, naphwasula zonse, nati tiyambirenso.

Amayi ameneŵa ndiwo adatiphunzitsa za majuzi a ku Aran, zilumba zitatu za miyala yokhayokha zimene zili pakamwa pa Galway Bay, kumene mitengo njosoŵa ndipo mphepo ya m'nyanja ya Atlantic siipuma. Akazi a kumeneko ankaluka ndi wulu woyererako wosanyika mu utoto, ndipo kale sankauchotsa mafuta ake onse a nkhosa, kuti madzi asamaloŵe msanga. Kalukidwe kake nkotukuka: pali kopota ngati chingwe, pali konga chisa cha njuchi, pali konga timinda tozingidwa ndi mipanda ya miyala. Kamene kadatikondweretsa koposa ndi kotchedwa dzina la mabulosi akuda a m'mipanda, amene amapsa mu Seputembala. Woluka amatulutsa masitichi atatu m'sitichi imodzi, kenaka nkuphatikiza atatu kukhala imodzi, ndipo chifukwa cha ichi ena amakatchula kalukidwe ka Utatu Woyera. Tidaŵerengapo mabuku olemera a za Utatu amene sadafotokoze bwino kuposa pamenepa. Tidamvanso kuti majuzi oyera otere ankalukidwira anyamata a pazilumbapo pa tsiku lolandira Ukaristia koyamba.

Ogulitsa m'masitolo a alendo amakonda kunena kuti banja lililonse lidali ndi kalukidwe kakekake kuyambira makedzana, kuti msodzi akamira azimzindikira ndi juzi yake. Akatswiri a mbiri amakana. Majuzi a ku Aran monga tiŵadziŵira lero adayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo matanthauzo ambiri a kalukidwe adachita kuŵamatika pambuyo pake. Ambiri amaganiza kuti nthanoyi idamera pa seŵero la J. M. Synge la mu 1904, Riders to the Sea, m'mene mtsikana amazindikira kuti mlongo wake ndiye adamira poŵerenga masitichi a sokosi imene adamlukira yekha. Kwa ife za m'seŵerozi nzozama kuposa nthano ya ogulitsa. Mtsikanayo sadafunike chizindikiro cha mtundu kapena cha banja. Adangozindikira ntchito ya zala zake.

Apa mpamene nkhani imene tidaikwirira zaka zambiri idatukula mutu.

Kwathu ndi kumapiri a Dedza, kufupi ndi Bembeke, kumene Juni ndi Julayi saseŵera ndi munthu. Pamene tidasankhidwa kupita ku seminale yaing'ono, tili ndi zaka 14, pa mndandanda wa zofunika padali juzi. Ndalama yogulira ya m'sitolo panalibe. Amayi athu adapita pa kaunjika, nagula majuzi atatu ong'ambika a mtengo wotsika, naŵaphwasula, nachapa wulu wake, nauyanika pa tsindwi la khitchini kuti uwongoke. Madzulo aliwonse, ntchito za kudimba ndi za pamoto zitatha, ankakhala pafupi ndi koloboyi kuluka. Wulu wa mtundu umodzi sudakwane. Motero juziyo idatuluka ya thupi lofiirira, mkono wina wachikasu, wina wobiriŵira mpaka m'chigongono, kutsikira kumunsi nkukhalanso wofiirira.

Tidaivala tsiku limodzi lokha. Anzathu, ana a aphunzitsi ndi a makalaliki amene adali ndi majuzi a m'sitolo, adatipatsa dzina la Bilimankhwe, ndipo dzinalo lidatikakamira mpaka Fomu 4. Usiku womwewo tidaipinda juzi ija nkuiika pansi penipeni pa sutikesi. Tidasankha kunjenjemera pa Misa ya m'mamaŵa miyezi iŵiri yathunthu. Pa holide amayi atafunsa ngati idatifunditsa bwino, tidayankha kuti inde, kwambiri. Akulu adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu tinkaudziŵa, tidaulembaponso pa mayeso a Chicheŵa nkukhoza. Bodza limenelo tidaliulula kalekale kwa wansembe, nkulandira chikhululukiro cha Mulungu. Kwa mwini wake juzi sitidanenepo kanthu.

Tsono m'Novembala uja, tili m'chipinda chathu ku Maynooth, tidayamba kuŵerengera. Tidali titaganiza zolukira amayi mpango waukulu wofunda m'mapewa, ndipo tidagula wulu wa mitundu ya masamba amene tinkatola mu mseu wa Carton ndi m'mbali mwa Royal Canal: wachikasu, wofiirira, ndi wobiriŵira wa ndere za pa miyala. Mzere uliwonse udali ndi masitichi 80, ndipo mzere umodzi unkatidyera mphindi 10. Mizere 400 ndiye kuti masitichi 32,000, maola opitirira 60, pansi pa getsi loŵala, m'chipinda chofunda, m'mimba muli chakudya chophika ena. Nanga juzi yathunthu, ya mikono ndi khosi, ya wulu wopotanapotana wa pa kaunjika, pa kuŵala kwa koloboyi, ndi zala zoti zagwira khasu tsiku lonse? Tidaika singano pansi. Ndipo pamene tidayala mipukutu itatu ija pa bedi, tidaona chimene maso athu sadachione m'sitolo muja: mitundu imene tidaisankha mosamala chotero, poyesa kuti tikutsanzira mitengo ya ku Ireland, idali mitundu yomwe ija ya Bilimankhwe.

M'buku la Ntchito za Atumwi muli mbiri ya Tabita wa ku Yopa. Atamwalira, Petro adaitanidwa, ndipo akazi amasiye adamzungulira akulira, namuwonetsa zovala zimene Tabita adasoka akali moyo. Tidalalikirapo kangapo za ndimeyi, makamaka pa misonkhano ya amayi, ndipo nthaŵi zonse tinkathamangira ku chozizwitsa cha kuuka kwake. Zovalazo tinkazilumpha. Komatu amasiyewo sadapeze umboni wina woposa umenewo wosonyeza kuti mai uja adali munthu wotani. M'mabanja mwathu muli a Tabita ambiri amene ntchito zao zimavalidwa mpaka kutha, kusanduka zigamba, kenaka chopukutira pansi, osamvapo zikomo. Ena mwa ana amene akuŵerenga tsamba lino avala zotere lero lomwe, ndipo mwina akuzibisa.

Mpango udatha m'sabata yachitatu ya Adventi. Mbali ina idatuluka yotambalala kuposa inzake, ndipo pakati pali kabowo pamene sitichi idatipulumuka ife osaona. Tidafuna kuphwasula mpaka pamenepo, koma gogo wa ku parishi uja adakana. "Musiyeni," adatero. "Mai wanu akadziŵira pomwepo kuti sudagulidwe."

Tisanautumize tidaimba foni kumudzi. Kuyambira tsiku limene tidadzozedwa unsembe amayi amatitchula kuti Abambo, ndipo takhala tikuŵapempha kuti aleke, koma samva. Tidayamba ndi za mvula, za feteleza, za maso ao amene tsopano saonanso bwino bowo la singano. Kenaka tidaŵauza zonse: za dzina lija, za sutikesi, za bodza. Kudakhala chete kwa kanthaŵi, moti tidayesa kuti foni yaduka.

"Abambo," adatero, "mukuyesa sindinkadziŵa? Juzi yovalidwa miyezi itatu imatha m'zigongono. Yanu idabwera ikununkhirabe sopo wanga."

Tidafunsa chifukwa chake sadatidzudzule. Adati mwana wa zaka 14 ali kale ndi akatundu okwanira, ndipo adaona kuti manyazi athu adali chilango chokwana. Juziyo adaiphwasulanso chaka chomwecho nkulukira azing'ono athu zipeŵa zitatu, chilichonse cha mtundu wake, ndipo palibe adasekedwa.

Titaŵauza za mpango, adaseka mpaka kutsokomola, naitana alongo athu kuti adzamve kuti Bambo Mfumu akuluka. Atapuma adafunsa kuti tidagwiritsa ntchito singano za nambala yanji, ndiponso ngati m'mphepete mwake tidakumbuka kulukamo mopingasa kuti usamapindike. Tidavomera kuti zimenezo sitidakumbuke.

"Tumizani momwemo," adatero. "Juni akamafika ndikhala nditaukonza."