Matepi a m'maesiteti a tiyi

Chimene chimandiwawa n'chakuti anyamata okonza mafoni ayamba kulandira ntchito ya matepi a makompyuta. Munthu awabweretsera tepi ya DDS yomwe yagona m'kabati ya ofesi ya esiteti ku Thyolo kuyambira m'ma 1990, iwo n'kuilowetsa m'makina pompo. Makina akangolira kawiri, tepi yaduka. Mayina a othyola tiyi, makilo awo, zaka zimene anagwira ntchito, zonse zapita, pamene gogo wina akudikira pepala loti alandirire ndalama zake zopumira.

Za chingwe cha SCSI ndi tamineta sindichulukitsa, aliyense wa ntchitoyi amadziwa. Mdani weniweni kuno ndi chinyontho. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, nkhungu imalowa mpaka m'maofesi, ndipo tepi imachita chuku m'mphepete, choyera ngati ufa. Ina imamatana, ndiye ikamazungulira imasiya utoto wake wakuda pamutu wowerengera. Ine tepi yotere ndimayamba kuiyang'ana padzuwa, kenako ndimaitsekera m'bokosi ndi timapaketi ta silika kwa masiku angapo. Ikauma ndimapukuta chukucho pang'onopang'ono, ndi kutsuka mutu wa makina ndisanawerenge komanso ndikamaliza. Matepi a QIC ali ndi vuto lawolawo: kalamba ka mkati kamatha mphamvu, ndipo ndimakasintha ndisanayese chilichonse.

Zimenezi anandiphunzitsa ndi madala ena ku Limbe, omwe ankasamala makompyuta a makampani a tiyi ndi fodya kale. Sankalola kuti ndigwire tepi ndisanasambe m'manja. Ankainunkhiza kaye, n'kunena kuti, "Mwanawe, iyi yadwala, isiye ipume." Ankalemba m'kope tepi iliyonse ndi pulogalamu imene inailemba, kaya ARCserve, NTBackup kapena tar, chifukwa tepi ikhoza kuwerengeka bwinobwino koma iwe osamva zimene ikunena. Kope langa ndimalembabe momwemo.

Mabwana a maakaunti amati ndimadula. Ena amabwera ndi makina atsopano a LTO-8 kuti ndiwerengere tepi ya LTO-3, osadziwa kuti LTO-8 imabwerera m'mbuyo mpaka LTO-7 basi. Makina akalewo ndimawasunga ndekha, ena ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg ndi ndalama zanga. Wofuna zotchipa apite kwa a mafoni, koma tepi imene yadukira kumeneko mtengo wake kwa ine ndi wowirikiza.