Tsamba Limodzi mu Mchenga

Tikamva za masewera a gofu, ambirife timaganiza za mabwana akuyenda mwachifatse pa kapinga wometedwa bwino, mnyamata atawasenzera ndodo. Koma ku America kuli osewera ena amene gofu ndiye khasu lawo, ndipo munda umene amalima ndi wouma. Iwowa amasewera m'mipikisano ya gulu lachiwiri imene inayamba mu 1990 ndi dzina la Ben Hogan Tour. Dzinalo lasintha kangapo, ndipo kuyambira mu 2019 imatchedwa Korn Ferry Tour.

Chaka chawo chimayamba mu Januwale ku zilumba za Bahamas, nkudzera ku Panama ndi Colombia, kenaka m'mizinda ya ku United States mpaka Okutobala. Mpikisano uliwonse umatenga masiku 4, maenje 72, ndipo amene wamenya mpira kochepa ndiye wapambana. Akatha masiku 2, osewera pafupifupi 65 okha ndi amene amapitirira. Otsalawo salandira kanthu pa mphotho. Komabe ulendo, malo ogona ndi malipiro a wonyamula ndodo, zonsezi zimachoka m'thumba mwa wosewera. Nchifukwa chake ena amagona m'nyumba za mabanja achifundo amene amawalandira ngati ana awo. Pakutha pa chaka, ochepa okha amakwera kupita ku PGA Tour kumene kuli chuma: mu 2024 anali 30, mu 2025 anali 20. Scottie Scheffler anadzera njira yomweyi mu 2019. Anzake ambiri a chaka chimenecho sitinawamvenso.

Tsono m'moyo wotere, momwe kumenya kumodzi kungathe kusiyanitsa chaka cha dzinthu ndi chaka cha njala, muli chinthu chimene chimatidabwitsa. Pa gofu palibe woimbira amene amathamanga pambuyo pa wosewera aliyense. Munthu amadziwerengera yekha chilango, nasaina yekha khadi lake kuchitira umboni kuti zolembedwazo nzoona.

Mu Okutobala 2012, mnyamata wa zaka 22, Blayne Barber, anali pa mpikisano wosankha olowa m'magulu amenewa, ku Callaway Gardens m'chigawo cha Georgia. Mpira wake unagwera m'malo okumbika odzaza mchenga, ndipo pokweza ndodo anaganiza kuti wakhudza tsamba louma, chinthu chimene malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa. Womunyamulira ndodo, amene anali mbale wake, anati tsambalo silinagwedezeke. Barber anadzipatsabe chilango cha kumenya kumodzi, nasaina khadi. Pambuyo pake anamva kuti chilango choyenera chinali kuwiri. Ngati anakhudzadi tsambalo, ndiye kuti anasaina khadi lolakwika, ndipo mlandu wake unali kuchotsedwa mu mpikisano.

Anamaliza masewerawo ali m'gulu la opambana. Ngakhale akanaonjezera kumenya kwinako, akanapitirirabe. Palibe amene anamuona, palibe amene anadandaula, ndipo iye mwini sanali wotsimikiza. Patapita masiku angapo anaimbira lamya akuluakulu a mpikisano, nadzichotsa.

Apa mpamene ife Akhristu tiyenera kuima pang'ono. Lamulo lachisanu ndi chitatu tinaliphunzira pa katekisimu tiri ana, ndipo bodza lamkunkhuniza timalidziwa. Chovuta ndi ichi chokayikitsa: ndowa ya chimanga imene mwina sinadzaze, ndalama ya Mphakati imene mwina tinaiwerenga bwino mwina ayi. Pamenepo mtima umafulumira kutiimira ngati loya waluso, ndipo kawirikawiri mbale amakhala pafupi kutiuza kuti tsamba silinagwedezeke. Mbaleyo sanama, akunena zimene waona, mwachikondi. Koma dzanja limene linagwira ndodo ndi lathu, ndipo pamene tigwada kuti tilape, wansembe sadziwa china koma chimene ife taulula.

Ena angati mnyamatayo anapyola muyeso, pakuti Mpingo womwe umatichenjeza za chikumbumtima choona tchimo paliponse. Nzoona. Koma pano panali anthu ena amene mkate wawo unadalira khadi limenelo. Barber atachoka, osewera 6 amene anali atalephera pang'ono analoledwa kupitirira. Mmodzi mwa iwo, Chesson Hadley, anapambana kawiri m'gulu lachiwiri mu 2013, ndipo mu 2014 anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana pa PGA Tour. Tsiku limene Barber ankaimba lamya sakanadziwa zimenezi. Ankangodziwa kuti khomo limene amaliyembekezera latsekeka chaka chimenecho.

Iyenso anadzapambana ku South Georgia Classic mu 2014, nakwera. Sitifuna kunena kuti Mulungu anamubwezera ngati sitolo yobweza chenji, pakuti alipo ambiri amene anachita chilungamo chomwechi nabwerera kwawo chimanjamanja. Ndipo mu 2019 malamulo a gofu anasinthidwa: lero wosewera angathe kutola tsamba mu mchenga ndi dzanja lake, popanda chilango.