Nthenda Yobisala M'manyazi Athu

Ife amene tinakula kale tinaleredwa kuti ziwalo zina za thupi sizitchulidwa pagulu. Mwambowo ngwabwino, komatu ilipo nthenda imene imakulira m'manyazi athuwo. Nthendayo ndi khansa ya kotulukira chimbudzi.

Chiyambire 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'dziko muno, abale athu okhala ndi kachirombo ka HIV akufika pa ukalamba. Koma iwoŵa, amuna ndi akazi omwe, ndiwo amene khansayi imawagwira kaŵirikaŵiri koposa anthu ena. Gwero lake nthaŵi zambiri ndi kachirombo kena, ka HPV, komwe kamayambitsanso khansa ya khomo la chiberekero. Thupi lochepa chitetezo limavutika kukachotsa, ndipo kusuta fodya kumawonjezera ngoziyo.

Zizindikiro zake nzonyenga: magazi pochita chimbudzi, chotupa, kuyabwa kapena ululu wosatha. Ambirife timangoti ndi mudzi, nkumafunafuna mizu kutchire miyezi ikupita. Chonsecho kufulumira kumapulumutsa. Mu 2022 kafukufuku wa ANCHOR ku America anasonyeza kuti kuchiza khungu limene layamba kusintha, lisanasanduke khansa, kunachepetsa nthendayi ndi 57 pa 100 pakati pa anthu a HIV.

Tsono makolo anzathu, tisawakanize ana athu aakazi katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Wakumwa ma ARV asalekeze. Woona magazi akauze adokotala mosapsatira, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo mbale akatiululira zotere, tisamuweruze ndi maso, timuperekeze kuchipatala.