Tikukonza Zokapuma ku Chembe, Mudzi wa Asodzi

Ife aphunzitsi pamodzi ndi anzathu ogwira ntchito pasukulu pano tagwirizana kuti pa tchuthi chachikulu chikubwerachi tikapume masiku anayi kunyanja, m'mudzi wa asodzi wa Chembe, umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Taona kuti n'kwabwino mumve kwa eni akefe, nkhani isanafike kwa inu itavala malaya ena. Ndalama za ulendowu n'zathu, takhala tikusonkha mwezi ndi mwezi kuchokera m'malipiro athu. Fizi ya ana ndi thumba la mzikiti sitikhudzako ngakhale tambala.

Bambo ena a m'komiti atamva za ulendowu anatifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi kupumako simungapumire kunyumba kwanu?" Funsoli ndi labwino, ndipo tinalikambirana kwa nthawi yaitali. Zoona zake n'zakuti tchuthi cha mphunzitsi chimatha asanachione. Ena mwa ife timapita kokachonga mayeso a MANEB, ena tili ndi odwala kumudzi, ena tikuumba njerwa, ndipo ukwati ndi sadaka za abale zimadikira mwezi womwewo. Sukulu ikamatsegulidwa timabwerera m'kalasi tili otopa monga tinatulukira. Mphunzitsi wotopa amapsa mtima msanga, amachonga mabuku mothamanga, ndipo mwana wofunsa funso kachiwiri amamuona ngati wovuta. Amene amalipira kutopa kwathu ndi ana anu. Thupi ndi amana imene tinasungitsidwa, ndipo nalo lili ndi gawo lake pa ife.

Pokonza ulendo, anthufe timayambira pa ndalama, minibasi ndi malo ogona. Zimenezi tinazimaliza pa msonkhano umodzi. Chimene chatitengera milungu ndi chimene anatikumbutsa mnzathu wina amene anakulira m'banja la asodzi. Iye anati kalendala ya sukulu siigwira ntchito kunyanja, chifukwa nyanja ili ndi kalendala yakeyake ya mphepo, mvula ndi mwezi, ndipo anthu a ku Chembe amadya potsata kalendala imeneyo. Malo amene ife tikuwatcha opumirako, kwa iwo ndi munda. Kuyambira pamenepo zokonza zathu zonse zakhala zoyankha funso limodzi: tingapume bwanji pamalo pamene anzathu akugwira ntchito, osawasokoneza, ifenso osadziika m'mavuto?

Tinayamba ndi nyengo. Tchuthi cha Disembala tinachikana. Kumakhala kotentha, mvula imakhala itayamba, udzudzu ndi wambiri, ndipo mphepo ya mpoto imatha kubwera mwadzidzidzi. Ndi nthawinso imene boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane, choncho mlendo wolimbikira kufuna chambo chachiwisi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala amakhala akukankhira msodzi kuphwanya lamulo. Kuwonjezera apo, kumapeto kwa chaka magombe amadzaza ndi anthu a m'tauni ndi zoimbira zawo. Tchuthi cha pakati pa teremu yachiwiri ndi yachitatu n'chachifupi, ndipo ambiri mwa ife timakhala tili m'munda. Chatsala ndi cha Ogasiti. Vuto lake ndi mwera, mphepo yozizira yochokera kum'mwera, imene imawomba kwambiri m'miyezi yachisanu ndipo imautsa mafunde oti bwato silingapirire. Tasankha kumapeto kwa tchuthi, pamene mwera umakhala ukuyamba kufooka, komanso kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Ku Chembe kumakhala phokoso kumapeto kwa sabata, ndipo ife tikufunanso kuti Ijumaa idzatipeze tili mumzikiti mwathu.

Kenako tinafika pa nkhani ya mwezi, imene inatigawa pawiri. Usipa umagwidwa usiku. Asodzi amatuluka ndi boti la injini litanyamula mabwato ang'onoang'ono ndi ukonde wa chilimira. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato lokhala ndi nyali zowala. Kale zinali nyali za palafini, lero ambiri amagwiritsa mababu a batire. Usipa umasonkhana pa kuwalako, ndiye alovi amazunguliza ukonde n'kukoka. Mwezi ukakhala wathunthu, nyanja yonse imawala, nyali sizikopa nsomba, ndipo asodzi ambiri amakhala kumtunda kusoka maukonde. Usipa umachepa pagombe ndipo mtengo umakwera.

Ife amene timayang'ana kumwamba mwezi uliwonse kuti tidziwe tsiku loyamba sitinavutike kuwerenga zimenezi. Masiku a 13, 14 ndi 15 a mwezi wa Chisilamu ndiwo a kuwala. Gulu lina linati tipite masiku amenewo, chifukwa ma injini amakhala chete ndipo tikagona tulo tabwino. Gulu lina linati kupita kumudzi wa asodzi pamene asodzi sakusodza kuli ngati kukacheza kusukulu ana atatsekera. Tinagwirizana kuti masiku athu akhale patangopita sabata limodzi kapena kuchepera mwezi utakhala wathunthu. Nthawi imeneyo mwezi umatuluka mochedwa usiku uliwonse, choncho tikamaliza swala ya Isha kumakhala kudakali mdima, nyali za asodzi zitandandalika pamadzi ngati tauni yoyandama. Tavomera kuti m'bandakucha tizidzadzutsidwa ndi ma injini ndi mawu a amayi ogula nsomba. Sizitidetsa nkhawa, poti nthawi imeneyo timakhala tadzuka kale kuswali Fajr.

Njira yake ndi yodziwika. Tidzadutsa pa Liwonde mpaka pa boma la Mangochi, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Johnston, n'kutenga msewu wa ku Monkey Bay. Tisanafike pa Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri ndi m'nkhalango. Nkhalangoyo ndi mbali ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha tinsomba tamitundumitundu totchedwa mbuna, timene timakhala m'miyala. Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa dera la pakiyo. Anthu ake amaloledwa kusodza, koma pafupi ndi miyala ya m'paki ndi zilumba monga Thumbi ndi Domwe n'poletsedwa kuponya ukonde. Polowa m'malo a pakiyo pamalipidwa, ndipo Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja, choncho aliyense atenge chiphaso chake cha unzika.

Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni ochokera ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anamanga pamalowa mishoni yoyamba ya Livingstonia. Ankaona kuti doko ndi labwino ndipo malo ndi okongola, koma malungo anawapha angapo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda awo alipobe m'munsi mwa phiri. Aphunzitsi a mbiri akufuna tikawaone, ndipo aphunzitsi a Biology akuti phunziro la mandawo ndi limodzi: aliyense anyamule neti yake yoteteza udzudzu, asadalire ya kumalo ogona.

Za thanzi sitikufuna kubisa. Magombe a ku Chembe amadziwika ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Tagwirizana kuti aliyense amene akalowe m'madzi adzapite kuchipatala patatha milungu ingapo tikabwerako, akayezedwe ndi kulandira mankhwala a praziquantel monga adokotala angamuuzire. Wudhu tidzachitira madzi a pampopi kapena a pamjigo. Ulendo wa paboti wopita ku Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi tidzapanga m'mamawa madzi ali bata, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Mwini boti akadzati lero mwera sukulola, nkhani idzathera pomwepo, ngakhale titalipira kale. Ambiri mwa ife sitidziwa kusambira, ndipo satifiketi ya uphunzitsi siiyandama.

Malo ogona tafunafuna otalikirana ndi mabala, okhala ndi khitchini yoti tiziphika tokha, ndiponso zipinda za amayi padera ndi za abambo padera. Mpunga, ufa, mafuta ndi tiyi tidzanyamula. Nyama sitinyamula, chifukwa kupita kunyanja ndi nkhuku n'kunyoza nyanja. Ndiwo zidzakhala zimene zatuluka m'madzi tsiku limenelo, kaya usipa, utaka, ncheni kapena kampango. Tomato, anyezi ndi masamba tidzagula m'mudzi momwemo. Poti tidzakhala pa ulendo wautali, shehe wathu watifotokozera kale za kufupikitsa swala, ndipo tikadzafika tidzafunsa eni mudzi kumene Asilamu akumeneko amaswalira.

Mbali imene takambirana kwambiri ndi ya khalidwe lathu pagombe. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Pagombe la asodzi pali matandala oyanikapo usipa, pali maukonde oyalidwa pamchenga, pali amayi akutsuka mbale ndi abambo akusamba mbali yawo. Ukonde wa chilimira ndi chuma cha banja lonse, nthawi zina chogula pa ngongole, ndipo suyenera kupondedwa kapena kulumphidwa. Tagwirizana kuti sitijambula munthu ndi foni tisanamupemphe, makamaka amayi ndi ana. Tidzayamba ndi moni tisanafunse mtengo. Kunenerera kulipo, koma munthu amene wachezera usiku wonse pamadzi ozizira sitimunenerera ngati tikugula kaunjika. Ana a m'mudzi sitidzawapatsa ndalama kapena maswiti, chifukwa mwana akazolowera kuti mlendo ndi ndalama amayamba kujomba kusukulu kuti azidikira magalimoto. Ngati tili ndi kanthu kopereka, monga makope ndi zolembera, tidzapereka kudzera kwa aphunzitsi anzathu a kumeneko. Mabotolo ndi majumbo athu tidzabwera nawo, osawasiya pamchenga.

Chinthu chovuta kwambiri kwa aphunzitsi ndi kusiya tsiku lopanda pulogalamu. Titangoyamba kukonza, pepala linadzaza: kukwera phiri, kukaona sitima ya Ilala ku Monkey Bay, msonkhano wokonzekera teremu yatsopano, ngakhale mpikisano wa mafunso. Tafufuta zonsezo kupatula ulendo wa ku Thumbi ndi wa kumanda a amishoni. Mabuku ochonga ndi malaputopu atsala. Mafoni aziyatsidwa madzulo okha kuti tilankhule ndi akunyumba. Maola otsalawo ndi okhala pansi pa mtengo, kugona masana, kuwerenga, kucheza ndi okalamba osoka maukonde, ndi kuyang'ana dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba mpaka nthawi ya Maghrib. Ena mwa ife tikuopa kuti tsiku loyamba tidzasowa chochita ndi manja athu. Mnzathu wa kunyanja uja akuti limenelo ndilo tsiku limene tidzadziwe kuti tinatopadi.

Kwa inu ana athu, makamaka amene mukuchokera m'mabanja a asodzi ndi ogulitsa nsomba, tikupempha kuti musanatsekere mutiuze zimene makolo anu amafuna mlendo atadziwa akafika pagombe. Mukhoza kulemba papepala n'kupereka kwa mphunzitsi wa kalasi yanu. Pa nkhani imeneyi inu ndinu odziwa kuposa ife. Kwa makolo ndi akomiti, tikupempha madua anu kuti tikayende bwino pamsewu ndi pamadzi. Amene muli ndi abale ku Chembe kapena ku Monkey Bay ndipo mukufuna kutumiza moni kapena kaphukusi kakang'ono, fikani ku ofesi sabata yotsekera, malo m'minibasi alipo. Insha Allah tidzakhala titabwerako sabata imodzi sukulu isanatsegulidwe, ndipo zimene tikaone tidzakufotokozerani m'kalata ya teremu yoyamba.