Ramadhan imene ndinkafuturu ndekha



Ine ndimakhala ku Bandawe, kumwera pang'ono kwa Chintheche. Kuno anansi athu ambiri ndi Akhristu kuyambira pamene a mishoni ya Livingstonia anafika m'chaka cha 1881, ndipo ife Asilamu ndife ochepa. Munthu mmodzi akasowa pa safu, aliyense amadziwa. M'Ramadhan ya 2024 amene anasowa ndinali ine, kwa masiku 12, ndipo sindinali kudwala malungo kapena mwendo.

Diso langa lakumanja linachita ng'ala. Poyamba ndinkaona ngati utsi wa pa chiwaya, kenako zilembo za mu Qur'an zinayamba kulumikizana, mpaka ndinasiya kusoka makoka chifukwa singano ndinkaiphonya. Lakumanzere nalo linayamba kutsatira. Atandiyeza ku gawo la maso ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, anandipatsa tsiku la opaleshoni kumapeto kwa Malichi, mkati mwa mwezi wa swaumu. Namwino anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikadzabwera ndi diso lofiira kapena la manthongo adzandibweza, chifukwa kutsegula diso pamene pali kachilombo kukhoza kuliwonongeratu.

Chenjezolo silinali lachabe. Chaka chimenecho matenda a maso ofiira, amene ambiri ankangoti pinki ayi, anabuka ku Karonga m'mwezi wa Febuluwale ndi kufalikira m'maboma ena. Komanso kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa minibasi yodutsa pa Chintheche ndi pa Mpamba kukwera ku Mzuzu unali utakwera. Ndalama ya ulendo wa anthu awiri mwana wanga anaisonkhanitsa pogulitsa usipa. Kubwezedwa kukanatanthauza kuyambiranso.

Swaumu itangotha sabata imodzi, mdzukulu wanga wa zaka zisanu anadzuka maso atamatirira. Nyumba yathu ili ndi zipinda zitatu, anthu tilimo asanu ndi atatu. Thaulo limodzi limapukuta nkhope zingapo, beseni losambira m'manja ndi limodzi, ndipo nsima ya kondowole timadyera mbale imodzi. Mwanayo ndiye amene ankandigwira dzanja popita ku mzikiti.

Usiku womwewo mayi a ana anga anati, "Bambo, inu simugona muno. Mupite ku kanyumba ka makoka."

Ndinakana. Ndinati mwini nyumba sagona ndi zingwe ndi nyali za usipa pa mwezi wolemekezeka. Iwo anangondifunsa kuti, "Ndiye mufuna Qur'an ija azikuwerengerani ena mpaka liti?" Ndinanyamula mphasa.

Mwana wanga wamwamuna, amene anandiperekeza ku chipatala ndipo anamva malangizo onse, ndiye anakonza dongosolo. Anandipatula thaulo langa, sopo wanga, kapu, mbale, mswala ndi birika la wudhu. Anafotokozera onse kuti matendawa sapatsirana poyang'anana monga ena ankanenera. Amayenda ndi manja: wodwala atikita diso, agwira chitseko, nsalu kapena dzanja la mnzake, mnzakeyo n'kudzigwira kumaso. Choncho kusamba m'manja m'beseni limodzi kunatha, tinayamba kuthirirana ndi jagi. Pilo ndi nsalu za mwanayo ankazichapa pazokha. Mnansi wina atabweretsa nzeru yoti tithire mkaka wa m'mawere m'maso mwa mwanayo, mpongozi wanga anakana mwaulemu napita naye kuchipatala.

Chovuta kwa ine chinali Maghrib. Adhana ikamveka, ndinkamva makapu a tiyi akulira pakhonde, ana akukanganirana futali wa chinangwa wotendera, ine ndili pa chitsa mtunda wa masitepe khumi ndi mbale yanga. Mwana wanga ankaisiya pa mwala atasamba m'manja ndi sopo, n'kubwerera. Pa daku anali kuchita chimodzimodzi ndi tochi. Zaka zonse ndinkaganiza kuti chimene ndimapirira pa swaumu ndi njala ndi ludzu. Chaka chimenecho ndinadziwa kuti theka la chisangalalo cha futari ndi phewa la munthu amene wakhala nawe pafupi.

Ku Tarawehe sindinapite. Pa mzikiti timapatsana moni wa m'manja, timagawana mipopi ya wudhu, ndipo chipumi chako chimagwa pamene chinagwa cha wina. Mawu anandipeza kuti ena akuti mkulu uja imani yamuchepera, akuopa diso kuposa Allah. Anandipweteka mawu amenewo chifukwa nanenso ndinkadzifunsa zomwezo.

Tsiku lachisanu la kupatulidwa kwanga shehe wathu anabwera, naima patali ndithu. Anandikumbutsa za Umar ibn al-Khattab (RA), amene ali pa ulendo wopita ku Shaam anamva kuti kwabuka mliri, nafunsa maganizo a maswahaba, n'kubwerera ku Madina. Atafunsidwa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, anafotokoza kuti kubwererako nakonso kuli m'chikonzero cha Allah. Pamenepo Abdur-Rahman ibn Awf (RA) anachitira umboni kuti Mtumiki (SAW) analetsa kulowa m'dera la mliri ndi kutulukamo mothawa. Shehe anati, "Bambo, swalini Tarawehe muli momwemo. Diso limenelo ndi amana, mudzafunsidwa mmene munalisungira." Anandiuzanso kuti Surah Al-Baqarah imalola wodwala kumasula ndi kudzabweza masikuwo, choncho tsiku la opaleshoni ndisalimbane ndi madokotala.

Mayeso enieni anabwera ndi mdzukulu uja. Madzulo ena anazemba, nafika pakhomo la kanyumba atanyamula tende imodzi m'dzanja. Maso ake anali ofiirabe.

"Agogo, ndakubweretserani."

Ndinabwerera m'mbuyo ndi kumuuza kuti aime pomwepo. Mwanayo anagwetsa tende ija n'kuthawa akulira, nakauza amake kuti agogo akunyansidwa naye. Usiku umenewo ndinaswali misozi ikutuluka. M'mawa ndinapempha mpongozi wanga kuti amukhazike pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine pa chitsa changa. Ndinamuuza kuti ndikufuna diso langa lichire kuti ndizimuona bwino nkhope, ndipo tinagwirizana kuti tsiku lililonse pambuyo pa Asr tiziphunzitsana Surah Al-Ikhlas mofuula, iye uko ine kuno. Pofika tsiku la ulendo anali ataiyiloweza.

Matendawo anagwiranso mchimwene wake ndi mayi a ana anga, amene ankamupukuta m'maso. Iwo amene anandithamangitsira ku kanyumba ndiwo anadwala m'malo mwanga, osadandaula. Ine Allah ananditeteza, Alhamdulillah. Opaleshoni inachitika pa tsiku lake, ndili maso, atangochititsa dzanzi disolo. Mawa lake atachotsa bandeji ndinaona mizere ya m'chikhato changa. Kwa masiku angapo ndinkaswali chokhala, ndikusamala kuti madzi asalowe m'diso, ndipo ndinabwereranso ku kanyumba kaja mpaka onse m'nyumba atachira. Pa Eid ndinaima pa safu. Masiku awiri amene ndinamasula ndinawabweza mu Shawwal.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene muli ndi wodikira opaleshoni m'nyumba yodzaza. Simufunika nyumba yaikulu. Mufunika thaulo lapadera, sopo, jagi, ndi mtima wosakhumudwa munthu akakana dzanja lanu. Ana auzeni chifukwa chake msanga, musachedwe monga ndinachedwera ine. Ndipo m'bale akasowa pa Tarawehe, pitani mukamufunse musanayeze imani yake.

Chaka chino ndikuwerenga juzu yanga ndekha ndi magalasi, ndipo pa futari mdzukulu uja amakhala pambali panga. Tende yoyamba amandipatsa ndi iye.

Allah alandire swaumu yathu ndi kuchiza odwala athu onse. Ameen.